Zaka 6 ku Joni osaponda m'tchalitchi: kodi Mulungu angandilandirenso?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ku Johannesburg. Dzina sinditchula. Akuti anachoka kwawo ku Dedza zaka 6 zapitazo ali woyimba kwaya, wodya Mgonero. Atafika ku Joni anayamba kujomba mapemphero chifukwa ntchito inkagwera Lamulungu, kenako mowa, kenako mkazi wina amene anakhala naye zaka 3. Ndalama zopita kwa akazi awo ndi ana awiri zinkatumizidwa mwa apo ndi apo mpaka zinasiyiratu. Funso lawo ndi ili: "Kodi Mulungu angandilandirenso? Ndikufuna ndiyambe ndakonza moyo wanga, ndipeze kangachepe, kenako ndibwerere kumudzi ndi kutchalitchi ngati munthu."

Achimwene, funso loyambalo ndi losavuta. Inde, angakulandireni. Chimene chandigwira mtima ndi mawu anu otsirizawo, oti mubwerere "ngati munthu". Ndikudziwa chimene mukuona m'maganizo: basi yakumana ndi achibale pa depoti, ngolo yake yodzaza mabulangete, njinga ndi sipika yaikulu, anthu akuti mwana wabwera. Mukufuna katundu akupepesereni. Amenewo ndi manyazi, ndipo manyazi amavala malaya ofanana ndi kulapa moti munthu ukhoza kusokoneza.

Tsegulani Luka 15, muwerenge za mwana wolowerera pang'onopang'ono. Mnyamata uja ali pakati pa nkhumba, nyama yodetsedwa imene Myuda sayenera kudya, anakonza mawu oti akanene kwa bambo ake. Mawuwo anali ndi mbali ziwiri: kuvomera kuti wachimwa, ndi kupempha kuti amulembe ganyu. Nayenso, monga inu, ankafuna kulipira njira yake yobwerera. Koma yerekezerani vesi 19 ndi vesi 21. Atafika, za ganyu zija sanazitchule n'komwe. Bambo anali atamuthamangira kale ali patali, ndipo mwanayo akulankhula chomwecho, iwo anali akuitanitsa mkanjo, mphete ndi nsapato. Munthu amene akumupatsa nsapato ndiye kuti wafika wopanda nsapato.

Yudasi nayenso anamva chisoni, mpaka anabweza ndalama 30 zasiliva zija. Koma chisoni chakecho anapita nacho kwa ansembe aakulu, kenako kuchingwe. Petro anamukana Yesu katatu akuwotha moto wamakala, ndipo pa Yohane 21, atamva kuti amene waima m'mbali mwa nyanjayo ndi Ambuye, anadziponya m'madzi osadikira kuti ngalawa ikocheze. Pamtunda anapeza moto wamakala wina, pali nsomba ndi mkate.

Tsono apa pali mbali imene mwina simuikonda. Mu imelo yanu yonse mwatchula Mulungu kambirimbiri, koma mayi a ana anu mwawatchula kamodzi. Iwo ndi amene akhala akusaka feteleza okha, kulipira sukulu okha, ndi kuyankha ana akafunsa kuti adadi abwera liti. Yesu pa Mateyu 5 anati ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mnzako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo uyambe wakagwirizana naye. Zakeyu sanangolira, anatchula nambala: theka la chuma kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Inu simungabweze kanayi, ndikudziwa mmene maganyu a ku Joni alili. Koma malipiro a mwezi uno akatuluka, gawo la ana lipite tsiku lomwelo, ngakhale likhale lochepa mochititsa manyazi.

Musayembekezenso kuti akazi anu akuthamangirani ngati bambo a m'fanizo uja. Mwina adzalira, mwina adzakutukwanani, mwina anakwatiwa kale. Davide anakhululukidwa mneneri Natani atamudzudzula, koma mavuto a m'nyumba mwake sanathere pomwepo. Madzi akatayika sawoleka. Nkhaniyi musaiyendetse nokha pa WhatsApp usiku. Imbirani ankhoswe anu muwauze zonse, za mkazi winayo zomwe. Ndipo musanaganize zolowanso m'nyumba, kayezetseni magazi. Ndikunena izi ngati mlongo wanu, osati pofuna kukunyozani.

Za kumpingo, akulu ampingo akhoza kukuimitsani kaye pa Mgonero kwa kanthawi, malinga ndi mwambo wa mpingo wanu. Padzakhalanso ena onong'onezana kumbuyo, chifukwa mkulu wake wa wolowerera uja sasowa m'tchalitchi chilichonse. Ine ndinakhalapo mmodzi wa iwo, ndipo sindinyadira. Zimenezo zimapiririka.

Musadikire kufika ku Dedza. Ku Johannesburg kuli Amalawi ambiri amene amasonkhana n'kumapemphera m'Chichewa, funsani anzanu akuntchito akulozerani. Lamulungu likubwerali mupite ndi zovala zomwe muli nazozo, mukhale benchi yakumbuyo ngati mukufuna, ndipo akaweruka mupemphe kuonana ndi abusa kapena mkulu wampingo mmodzi. Mukatero mundilemberenso, mundiuze kuti ankhoswe aja ati chiyani.