Yankho pa funso la makungwa a mvunguti: kodi hot plate yokha ikwanira?

Mnzathu, funso lanu taliwerenga. Mwati muli m'chaka chomaliza cha pharmacy, mwaviika makungwa a mvunguti mu methanol, mwaumitsa mpaka kwatsala phala lokhuthala, ndipo mukufuna kudziwa ngati limachepetsadi ululu ndi kutupa monga amanenera akuluakulu kumudzi. Mu labu mwanu muli hot plate yokha, chitsulo chotenthetsedwa chimene mumaikapo mbewa nkuwerenga nthawi mpaka itamva kutentha, ndiye mukufunsa ngati ikwanira. Siikwanira ayi. Ikhoza kukubisirani mankhwala ogwira ntchito, ikhozanso kukuonetsani mphamvu pamene palibe.

Hot plate imayesa ululu wadzidzidzi pa phazi labwinobwino, lopanda bala kapena chotupa. Ululu wotere umagonja ku mankhwala ogwira mu ubongo ndi mu fupa la msana, monga morphine. Koma aspirin, Brufen ndi diclofenac zimagwira potsekereza COX, puloteni ya m'thupi imene imapanga ma prostaglandin oyambitsa ululu ndi kutupa, monga John Vane anaonetsera mu 1971. Ma prostaglandin amachuluka pamene mnofu wavulala. Pa phazi losavulala mankhwalawa alibe choti atsekereze, choncho mbewa yomwa diclofenac imanyambita phazi nthawi pafupifupi yofanana ndi yomwa madzi. Ngati mvunguti wanu uli m'gulu limeneli, mudzalemba kuti sugwira ntchito, chonsecho munaufunsa funso losayenera.

Musanakhudze nyama iliyonse, pezani chilolezo cha komiti yoona za ethics ya sukulu yanu. A ku UNZA amadziwa komiti yawo ya UNZABREC ku Ridgeway, ndipo kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno la Zambia ali pansi pa National Health Research Authority, yomwe inabwera ndi lamulo la 2013. Yambani msanga, chifukwa makalata sayenda pa liwiro la wophunzira. Tengerani nthambi ya masamba ndi maluwa kapena chipatso ku herbarium, kosungirako zomera zouma, kuti katswiri atsimikize kuti ndi Kigelia africana ndi kukupatsani nambala. Makungwa ogula atayalidwa pa thumba ku Soweto palibe angalumbire kuti achoka mu mtengo uti. Kenako yesani ngati phalalo si poizoni potsata malangizo a OECD 423: nyama 3 pa sitepe iliyonse, mlingo wapamwamba 2000 mg/kg, kuziyang'anira masiku 14. Milingo yanu itatu, mwachitsanzo 100, 200 ndi 400 mg/kg, ichoke pa zotsatira zimenezo osati pa zimene munaona mnzanu atalemba.

Masamu a mlingo ndi pamene ambiri amaterereka. Mbewa imamwetsedwa 10 ml/kg, ndiye ya 25 g ilandira 0.25 ml. Kuti mu 0.25 ml imeneyo mukhale 200 mg/kg, sungunulani 20 mg pa ml iliyonse. Mlingo uliwonse ukhale ndi botolo lake, koma kuchuluka kwa madzi pa kilogalamu kusasinthe. Phala likakana kusungunuka m'madzi, gwiritsani zothandiza kusungunula monga 0.5% CMC kapena Tween 80 pang'ono, ndipo gulu la control, losamwa mankhwala aliwonse, limwe chosungunulira chomwecho. Chosungunulira china chotchedwa DMSO chipeweni ngati mungathe, popeza pachokha chimachepetsa kutupa. Madzi akhale otchezedwa, a distilled. A pa mpopi ndi a pa borehole muno mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, mumaona momwe amayeretsera pansi pa ketulo. Ndipo mwetsani pakamwa, musabaye phala la makungwa m'mimba. Likabayidwa m'mimba limayabwa ndi kuwotcha m'kati, thupi nkutembenukira ku vuto latsopanolo, kutupa kwa phazi nkuchepa popanda mankhwala kuchita kanthu.

Njira yosavuta kuyamba nayo ndi ya acetic acid, ya Koster ndi anzake mu 1959, ndipo sifuna makina. Thirani 0.6 ml ya glacial acetic acid mu saline (madzi amchere a ku chipatala) mpaka 100 ml, mukonze tsiku lomwelo. Pakatha mphindi 60 mbewa itamwa mankhwala, ibayeni 10 ml/kg m'mimba, muiike yokha mu bokosi loonekera, mudikire mphindi 5, kenako muwerenge kuphiriphitha kwa mphindi 20. Kuphiriphitha kumodzi ndi pamene mimba yafinyika nkukhudza pansi, thupi latalika, ndipo mwendo wakumbuyo watambasuka. Gwirizanani tanthauzo limeneli musanayambe, apo ayi owerenga awiri adzapeza manambala osiyana pa mbewa imodzi. Tiyerekeze kuti control yapeza 40 ndipo ya mvunguti 22: chotsani 22 pa 40, gawani ndi 40, chulukitsani ndi 100, mupeza 45%. Ubwino wake ngwakuti imagwira pafupifupi mankhwala onse a ululu. Kuipa kwake nkomweko, imagwiranso amene si a ululu. Mankhwala ogonetsa, ofewetsa minofu ndi a antihistamine onse amachepetsa kuphiriphitha. Singano ikalowa m'matumbo kapena kutsalira pansi pa khungu, mbewa siphiriphitha konse ndipo imaoneka ngati yachira. Bayani chakumunsi kwa mimba, pambali pang'ono, mutu wa mbewa utazolika.

Ife tikadakhala ndi mbewa zochepa ndi mwayi wa njira imodzi, tikadasankha ya formalin, ya Dubuisson ndi Dennis mu 1977, chifukwa imayankha mafunso awiri pa nyama imodzi. Mumabaya 20 µl ya 2.5% formalin pansi pa khungu la phazi limodzi lakumbuyo, nkuwerenga ndi wotchi masekondi amene mbewa ikunyambita kapena kuluma phazilo. Ululu umabwera kawiri. Woyamba ndi wa mphindi 0 mpaka 5, pamene formalin ikutokosa mitsempha mwachindunji. Kenako mbewa imakhala ngati yaiwala. Wachiwiri umabwera pa mphindi 15 mpaka 30, pamene kutupa kwayamba ndipo fupa la msana layamba kukuza uthenga wa ululu. Morphine imatsitsa magawo onse awiri, pamene diclofenac ndi anzake amatsitsa makamaka lachiwiri. Mukaona gawo limene mvunguti watsitsa, mwayamba kudziwa mtundu wake.

Samalani ndi mawu akuti formalin. Botolo la mu labu ndi formaldehyde wa 37%, ndipo limenelo ndilo limawerengedwa ngati formalin 100%. Choncho 2.5% formalin ndi 2.5 ml ya m'botolo kudzaza ndi saline mpaka 100 ml, muli formaldehyde pafupifupi 0.9%. Wosakaniza 2.5% ya formaldehyde wabaya mphamvu yoposa kawiri, mbewa zivutika pachabe, ndipo mankhwala ofooka saonekanso. Ikani galasi lodziyang'anira kumbuyo kapena pansi pa bokosi kuti phazi lisabisike mbewa ikatembenuka, ndipo muisiye m'bokosimo mphindi 30 musanabaye. Mbewa yamantha imaumitsa thupi, sinyambita. Chipinda chikazizira gawo lachiwiri limafooka, ndiye m'mawa wa June kapena July muno, labu yopanda chotenthetsera ikhoza kukupatsani control yooneka ngati yamwa kale mankhwala.

Tsopano hot plate yanu, ili ndi malo ake. Eddy ndi Leimbach anaikhazikitsa mu 1953. Ikani pa 55 °C, osapitirira theka la digiri mbali iliyonse, ndipo mutsimikize ndi thermometer yapadera pakati ndi m'mphepete mwa chitsulo, osangokhulupirira nambala ya pa makina. Malaiti akathima nkuyakanso, dikirani kutentha kukhazikike, musathamangire kumaliza. Imitsani wotchi pamene mbewa yanyambita phazi lakumbuyo kapena yadumpha. Kunyambita manja akutsogolo ndi kudzisambitsa chabe, sikuwerengedwa. Pa masekondi 30 ichotseni ngakhale sinachite kanthu, kuti isapse. Yesani mbewa iliyonse isanamwe mankhwala, kenako pa mphindi 30, 60, 90 ndi 120, mukupukuta mkodzo pa chitsulo nthawi zonse chifukwa umaziziritsa. Ngati inayamba ndi masekondi 8 nkufika pa 19, phindu ndi 11 mwa 22 amene akanatheka, ndiye 50%. Mukaibwezera kawirikawiri imaphunzira, imayamba kudumpha isanamve kutentha. Mvunguti ukasonyeza mphamvu, patsani gulu lina naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya morphine, musanalimwetse mvunguti. Mphamvu ikazimiririka, ndiye ikudzera njira ya morphine. Morphine yeniyeniyo ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, amafuna zikalata ndi kabati yokhoma, nchifukwa chake ambiri amagwiritsa tramadol. Njira ya mchira ndi mbale wake wa hot plate: mumaviika nsonga ya mchira m'madzi a 52 mpaka 55 °C nkuwerenga mpaka autulutse. Siwonjezera zambiri pa funso lanu.

Kutupa nakonso kuli ndi muyeso wake, ndipo palibe njira yapitayi imene ikukuyesa mwachindunji. Yodziwika ndi ya carrageenan (ufa umene umatupitsa phazi ukabayidwa), ya Winter, Risley ndi Nuss mu 1962, pa makoswe a 150 mpaka 200 g. Gulani ya mtundu wa lambda, ina ija ya kappa imaundana ngati jele. Wazani 100 mg pang'onopang'ono pa 10 ml ya saline mukutakasa, muisiye usiku wonse kuti ilowerere. Mukaithira kamodzi imapanga mibulu ngati ufa wothira m'madzi owira, ndipo khoswe wina adzalandira mbulu, wina madzi okha. Lembani mzere ndi maka pa kakolo, yesani phazi, mwetsani mankhwala, pakatha ola limodzi bayani 0.1 ml kunsi kwa phazi. Yesani pa ola 1, 2, 3, 4 ndi 5. M'ola loyamba kutupa kumayendetsedwa ndi histamine, serotonin ndi bradykinin. Kuyambira cha pa ola lachitatu ndi ma prostaglandin, ndipo mpamene indomethacin kapena diclofenac wa 10 mg/kg amaonekera bwino. Woyesa pa ola loyamba lokha adzati ngakhale diclofenac sagwira. Panado musaiike ngati muyezo, mankhwala odziwika oyerekezera nawo mvunguti, imatsitsa ululu ndi kutentha thupi koma pa kutupa ndi yofooka.

Plethysmometer imayesa madzi amene phazi lakankha likaviikidwa. Viikani kulekeza pa mzere uja nthawi zonse, chifukwa kupitirira pang'ono pokha kumameza kusiyana konse kumene mukufuna. Ngati palibe, vernier caliper ikwanira, bola akhale munthu mmodzi, malo amodzi pa phazi, osafinya. Phazi lotupa ndi lofewa ngati buledi, mukalipana nambala imatsika. Ulusi wozunguliza phazi ndi wa pamene zonse zasowa. Za kutupa kokhalitsa, monga thonje loikidwa pansi pa khungu masiku 7 kapena nyamakazi ya Freund's adjuvant ya milungu itatu, zisiyireni a masters. Zimafuna opaleshoni kapena chisamaliro chimene pulojekiti ya miyezi yochepa singakwanitse.

Pali chinthu chimene timachiona chikusowa m'malipoti ambiri: umboni woti nyama sinangowodzera. Njira zonse za ululu zimadalira kuti mbewa ichite kanthu, inyambite, idumphe, iphiriphithe. Yoledzera kapena yofooka sichita, ndipo pa pepala imaoneka ngati ululu watha. Rotarod, kamtengo kozungulira kamene mbewa imayendapo, ndiyo imasiyanitsa. Popanda imeneyo, jambulani mabokosi pansi pa bokosi lalikulu nkuwerenga mizere imene mbewa yadutsa m'mphindi 5. Mlingo umene watsitsa ululu koma watsitsanso kuyenda sungatchedwe wopha ululu.

Wowerenga asadziwe chimene nyama yamwa. Mnzanu alembe A, B, C pa mabotolo, asunge chinsinsi mpaka manambala onse atalembedwa. Si nkhani ya kukayikira munthu. Aliyense wofuna kuti mtengo wake upambane amachedwetsa chala pa wotchi osazindikira. Gawani nyama m'magulu mwa maere, chifukwa zoyamba kugwidwa m'khola zimakhala zofatsa. Musayese control yonse Lolemba ndi mvunguti wonse Lachitatu, tsiku lililonse likhale ndi nyama za gulu lililonse, pa nthawi yofanana. Nyama zizolowere malo masiku 5 mpaka 7. Ngakhale woyesa asasinthe: kafukufuku wa ku McGill ku Montreal mu 2014 anapeza kuti fungo la amuna limachititsa mantha mbewa ndi makoswe mpaka kubisa ululu. Nyama 6 pa gulu ndi chizolowezi chabe, komiti ikhoza kufuna masamu osonyeza chifukwa chake. Nyama yobayidwa acetic acid kapena formalin imagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, kenako imaphedwa mwachifundo monga mwa chilolezo chanu.

Ena adzakuuzani kuti mungochita njira ya dzira, yotenthetsa albumin (choyera cha dzira) nkuyesa kuderako pa 660 nm, kapena ya maselo ofiira a magazi. Nzotsika mtengo ndipo sizipweteka nyama, koma pa makungwa nzosadalirika. Makungwa amakhala ndi tannin, amene amagwira puloteni nkuiundanitsa, ndipo mtundu wofiirira wa phala umasokoneza makina. Ngati muchita, mlingo uliwonse ukhale ndi blank yake ya phala lopanda albumin. Yabwinopo ndi ya maselo a mbewa oweteredwa mu labu otchedwa RAW 264.7, otokosedwa ndi LPS yochokera ku mabakiteriya, nkuyesa nitrite (chizindikiro cha kutupa) ndi Griess pa 540 nm, pamodzi ndi MTT yotsimikiza kuti maselo sanangofa. Imeneyo imafuna incubator ya CO2 ndi magetsi osadukiza, ndiye funsani kaye ngati labu ili ndi jenereta.

Pa nthawi ndi ndalama zanu, pemphani chilolezo cha formalin, carrageenan, hot plate ndi muyeso wa kuyenda, magulu asanu pa iliyonse: control, muyezo, ndi milingo itatu. Pa carrageenan ndi hot plate nyama imodzi imayesedwa kangapo, choncho gwiritsani two-way ANOVA ya repeated measures, osati t-test pa ola lililonse. Makoswe a carrageenan akaphedwa, tsegulani chifu, muchitsuke ndi saline, muyang'ane timadontho ta magazi ndi tizilonda. Indomethacin pa mimba yopanda chakudya amakonda kusiya zimenezi, ndipo ngati mvunguti watsitsa kutupa chifu nkukhala choyera, lembani zimenezo ndi zithunzi zake.