Masamba ofiira a paphiri la Zomba

Funso: Mlongo wanga wa ku Canada amanditumizira zithunzi za nkhalango zofiira mu Okutobala. Kodi kuno ndingajambule zotere ndi foni?
Wowerenga, Chinamwali

Yankho: Mungathe achimwene, koma mwezi wake ndi wina. Kumeneko masamba amafiira akamafota. Kuno mitengo ya mombo imafiira ikamaphukira, kumapeto kwa Ogasiti mpaka Seputembala. Musavutike kukafika ku Mulunguzi Dam, paini wakumtunda uja safiira. Ine ndimaima m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe cha m'ma 6 koloko m'mawa, dzuwa lili kuseri kwa masamba, kuwala kuzidutsamo ngati moto. Masana utsi wa lupsa umaphimba phiri, chithunzi chimangotuwa. Pukutaninso kagalasi ka kamera kaye, fumbi la nyengoyi si lamasewera.