Amuna anga ali pa rimandi chifukwa chondivulaza, koma ndikufuna khoti liwamvere chisoni

Azakhali,

Ndakhala pabanja ndi amuna anga kwa zaka 8 ndipo tili ndi ana awiri. Mwezi wathawu tinakangana pa nkhani ya ndalama iwo atamwa mowa, ndipo anandikanyanga pakhosi ndi kundikankhira pansi mpaka ndinathyoka mkono. Amene anaitana apolisi ndi anzathu oyandikana nawo nyumba. Panopa amuna angawo ali pa rimandi kudikira tsiku la mlandu. Aka si koyamba kundimenya, koma sizinafikepo pamenepa. Ine ndinawakhululukira, ana akuwasowa, ndiponso ndi iwo amene amatisamalira pakhomo. Apongozi anga akuti ndikanene kuti ndinagwa ndekha kuti mlandu uthe. Kodi ndingatani kuti asalandire chilango chachikulu?

Ine mayi wosweka mtima

Mayi okondedwa,

Pepani kwambiri ndi zimene zakuonekerani. Sindikudabwa kuti mukufuna kuthandiza munthu amene anakuvulazani, chifukwa chikondi cha zaka 8 sichizima tsiku limodzi, ndipo njala ya ana siyembekezera chigamulo cha khoti. Njira zowapempherera chifundo zilipo, koma imene apongozi anu akukulozerani musaiyandikire n'komwe.

M'malamulo a mayiko ambiri, amene wavulaza mnzake amakhala kuti walakwira boma, n'chifukwa chake amene amaimba mlandu ndi woimira boma, pamene inu mumaima ngati mboni. Mungathe kupempha kuti mlandu uthe, koma chigamulo chake chili m'manja mwa woimira boma kapena khoti, ndipo iwo sauthetsa wamba ngati wodandaula anavulala kwambiri. Kalata ya kuchipatala ali nayo, sitetimenti yanu ya kupolisi ali nayo, ndipo anzanu amene anamva kulira kwanu angathe kuitanidwa. Mukakalumbira m'khoti n'kunena kuti munagwa nokha, mlandu wopereka umboni wabodza ungagwere inuyo, ana n'kutsala opanda mayi ndi bambo omwe. Zikadziwikanso kuti achibale a amuna anu ndi amene anakuuzani zonena, khoti lingaone zimenezi ngati kusokoneza mboni, zomwe zingalepheretse amuna anuwo kutuluka pa belo. Apongozi anuwo muwauze mwaulemu kuti nzeru yawoyo ingamuwonjezere mavuto mwana wawo yemweyo.

Pitani kwa woimira boma amene akuyendetsa mlanduwu, kapena kwa wapolisi amene anafufuza nkhaniyi kuti akulumikizeni naye. Bungwe la United Nations linagwirizana mu 1985 mfundo zokhudza anthu olakwiridwa, ndipo imodzi mwa mfundozo ndi yakuti maganizo ndi nkhawa za wolakwiridwa zizimvedwa ndi kuganiziridwa pamene mlandu ukuzengedwa. Choncho muli ndi malo oyankhulira, ngakhale kuti sangakulonjezeni kuti achita zonse zimene mwapempha. Muuzeni zoona zokhazokha: zimene zinachitika tsiku limenelo, kuti aka si koyamba, kuti banja limadalira amuna anuwo, ndi chilango chimene inu mukuona kuti chingawasinthe.

Mbali ina yaikulu ili kwa amuna anu eni ake. Ayenera kukhala ndi loya, ndipo ngati ndalama palibe, afunse za maloya amene amaimira anthu osowa kwaulere. Makhoti ambiri amachepetsa chilango kwa munthu amene wavomera mlandu msanga, chifukwa wasonyeza kulapa ndipo sanavutitse wodandaula ndi kufotokozanso zowawa pamaso pa anthu. Munthu akapezeka wolakwa, chilango chisanaperekedwe, pamakhala nthawi yoti iye kapena loya wake adandaule kuti khoti limumvere chisoni. Apa m'pamene amatchula zoti alibe mbiri ya milandu ina, ali ndi ana owadalira, wakhala kale masiku angapo pa rimandi, ndipo ndi wokonzeka kulandira uphungu wosiya mowa ndi nkhanza. Kalata imene mungalembe yowapempherera chifundo ingathandize pa nthawi imeneyi, ndipo ndi bwino kuti idutsire kwa woimira boma, osati kwa woweruza mwachindunji. Kumbukirani kuti loya wa amuna anu amaimira iwo, osati inu, choncho musasaine chikalata chilichonse chimene simunachiwerenge ndi kuchimvetsa.

Malinga ndi malamulo a dziko ndi kukula kwa mlandu, woweruza angathe kupereka chilango chaching'ono cha kundende, kulamula kuti wolakwa agwire ntchito zothandiza anthu ali kunja, kapena kumumasula pomuchenjeza kuti akapalamulanso mkati mwa nthawi yoikika adzalowa m'ndende. Ndikuuzeni mosabisa kuti mkono wothyoka si bala laling'ono, ndipo mukonzekere kuti mwina adzakhalabe m'ndende kwa kanthawi. Zikatero, iwo angathe kuchita apilo ngati chilangocho chapyola muyeso, ndipo m'mayiko ambiri mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo la nthawi yake.

Tsopano ndibwerere ku mawu a m'kalata yanu amene andisowetsa mtendere. Mwanena kuti anakukanyangani pakhosi, ndipo mwawatchula mongodutsa ngati kuti chachikulu ndi mkono. Kafukufuku wina wa ku United States wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pa chiopsezo chodzaphedwa chochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi amene sanakanyangidwepo. Mwanenanso kuti nkhanzazi zinalipo kale ndipo ulendo uno zakula. Mwamuna amene ali m'chitokosi amalira ndi kulonjeza zambiri, mwina kuchokera pansi pa mtima, koma lonjezo lakelo limayesedwa pamene wabwerera kunyumba ndipo mwasemphananso pa nkhani ya ndalama. Sindikukuuzani kuti muthetse banja, chifukwa chimenecho ndi chisankho chanu, koma sindingakulangizeni kupempha kuti angotuluka popanda choikiridwa chilichonse.

Ngati mulemba kalata ija, pemphani chifundo chokhala ndi malire. Lembani kuti mukufuna alamulidwe kulandira uphungu, asiye mowa, apitirize kusamalira ana, ndipo ayambe akhala kwina mpaka zitaoneka kuti asinthadi. Funsaninso za chikalata cha khoti chokutetezani, chimene chimaletsa munthu kukumenyani, kukuopsezani kapena kufika pamene mukukhala. Ngati khoti laletsa kale kuti inu ndi iwo muzilumikizana, musawaimbire foni kapena kutumiza uthenga kudzera mwa achibale, chifukwa amene angalangidwe pa kuphwanya lamulolo ndi iwowo.

Musanakumane ndi woimira boma, kaonaneni ndi mlangizi wothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo mupite nokha kapena ndi m'bale wanu amene mumamukhulupirira, osati ndi apongozi. Mumufotokozere za pakhosipo ndi za maulendo ena onse amene munamenyedwa, mumufunsenso za thandizo la ana pa nthawi imene bambo awo kulibe. Mubwererenso kuchipatala ngati mawu anu asasa, ngati mukuvutika kumeza kapena kupuma, chifukwa kuvulala kwa pakhosi nthawi zina kumaonekera patapita masiku.

Azakhali