Musatenge nyumba imeneyo musanamve izi

Achimwene, amene wakuuzani kuti m'nyengo yozizira kuno ku Kentucky, ku America, kulibe kamvuluvulu woopsa uja wotchedwa tornado, choncho nyumba yopanda chipinda chapansi ilibe vuto, sanali ku Bowling Green usiku wa pa 10 December 2021. Masana ake kunafunda modabwitsa mpaka tinavula majekete, osadziwa kuti mpweya wofunda ndi wachinyezi wochokera kunyanja ya Gulf of Mexico ukakumana ndi wozizira ndi umene umabala kamvuluvulu woopsa chotero.

Foni inalira chenjezo cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo ndisanapeze n'komwe nsapato magetsi anazima. Ndinagoneka ana awiri m'bafa, mayi awo anawakumbatira, ine ndinakoka matiresi kuti tifunde tonse. Phokoso lake linali ngati mwalowetsa mutu m'chigayo, makutu anatseka, kenako ndinangomva mvula yozizira ikundimenya kumsana, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti denga lapita. Mwana wamkulu sanalire ayi, ankangondifunsa kuti atate, nyumba ili kuti. Potuluka anaponda galasi, ndipo ndinamumanga phazi ndi malaya anga mumdima, aneba akuitana mayina a abale awo mumsewu. Ife tinapulumuka, koma ku tawuni ya Mayfield, ku Kentucky konkuno, kamvuluvulu wina, amene anayenda makilomita oposa 260, anagwetsa fakitale ya makandulo anthu ali pantchito.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi eni nyumba. Patangopita masiku atatu, tikugona m'holo ya tchalitchi, bambo ameneyo anaimba foni, osafunsa n'komwe za ana, koma kundiuza kuti dipoziti sabweza chifukwa ndasiya zinyalala pamalo pake. Zinyalala zake zinali denga lake lomwe! A inshuwalansi nawonso anandizunguza miyezi inayi, akufuna malisiti a katundu amene mphepo inamwaza pamodzi ndi malisitiwo.

Choncho funani nyumba yokhala ndi chipinda chapansi, ngakhale lendi ikwere, ngakhale kunena zoona ife chinatipulumutsa ndi bafa wamba la pakati pa nyumba. Inshuwalansi ya katundu muigule ndithu, ndipo mujambule chilichonse pafoni lero lomwe. Nsapato za ana zizigona pafupi ndi bedi.