Werengani nkhani imodzi katatu, pensulo ili m'manja

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndimawerenga nkhani zazifupi zambirimbiri, koma ndikalemba yanga imatuluka yozizira ngati lipoti. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, kuwerenga mumawerengadi, koma ndikuganiza kuti mumathamangira kumapeto kuti mudziwe zomwe zachitika. Wofuna kulemba amabwerera m'mbuyo n'kudzifunsa kuti mlembiyu wachita chiyani pa tsambali kuti mtima wanga ugunde chonchi.

Sankhani nkhani imodzi yosapitirira masamba 10. Ulendo woyamba ingoimvani kukoma. Wachiwiri tengani pensulo, mudule mzere pansi pa chinthu chilichonse chimene mlembi wakuonetsani ndi maso: mpando wothyoka, wotchi yoima, nsapato zosiyidwa pakhomo. Kenako fufuzani kumene chinthucho chatulukiranso. Anton Chekhov, dokotala wa ku Russia amene anamwalira mu 1904, ankalangiza alembi anzake kuti mfuti ikaoneka koyambirira, iyenera kudzalira kutsogolo. Edgar Allan Poe, mlembi wa ku America, nayenso mu 1842 analemba kuti nkhani yaifupi iwerengedwe nthawi imodzi osaidukiza, ndipo mawu ake onse akokere kumodzi. Choncho pasapezeke chiganizo chimene mwangochidumpha.

Ulendo wachitatu ndi umene ine ndimaukonda kwambiri, chifukwa mumasaka zimene mlembi sananene. Taonani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Mkazi uja anakhumudwa kwambiri atawerenga kalatayo." Chachiwiri: "Anaipinda kalatayo kanayi, n'kuiika pansi pa mbale, n'kupitiriza kusita malaya a mwamuna wake." Choyambacho chakuuzani zonse, ndipo inu mwatsala opanda chochita. Chachiwiricho chakusiyani m'chipindamo muli duu, mukuyang'ana manja a mkaziyo, mukudabwa kuti akusitiranji malaya a munthu amene mwina sabweranso. Kuzizira kumene mukudandaulako nthawi zambiri kumachokera pamenepa, pomwe mlembi amauza wowerenga zoti amve m'malo momulola kuti adzionere yekha.

Mukapeza ndime imene yakugwirani mtima, ikopereni ndi dzanja m'kope mwanu. Dzanja limayenda pang'onopang'ono, ndiye mumazindikira pamene mlembi wapumira, ndi pamene wadula chiganizo dala.

Mukatero bwererani ku nkhani yanu ija. Paliponse pamene munalemba kuti "anakwiya" kapena "anaopa", fufutani, mulembepo zimene manja a mpangankhani wanu akuchita pa nthawiyo. Ndime yoyamba mukaikonza chonchi, nditumizireni ndidzaione.