Za ku paki pa 24 September, asisi, muone kaye pepala ndi maso anu

Asisi, ndangowerenga funso lanu lofunsa paki yabwino yoti anthu 40 akawotchereko nyama ndi ana pa 24 September, m'mimba mwatentha ngati zachitika dzulo. Pepani ndilemba zambiri, ndili mu taxi kuchokera ku ntchito ndiye zolakwika muzikonza nokha. Mapaki owotcherako nyama ndi ana muno mu Joni alipo ambirimbiri, koma musanayambe kutolera ndalama kwa anthu 40 amenewo mverani zanga kaye.

Ife zinatigwera pa 16 December, zaka ziwiri zapitazo. Gulu lathu la chipereganyu, mabanja 18, ambiri a ku Rosettenville ndi Turffontein. Tinati titseke chaka panja, poti mukudziwa mmene tikukhalira, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, pabwalo simenti yokhayokha ndi zingwe zoyanikira, mwana akangoti athamange wagunda galimoto ya alandilodi. Banja lililonse linasonkha R250. M'menemo munali nyama, makala, taxi ziwiri, ndi ina imene msungichuma wathu anati ndi ya chilolezo cha ku paki, chifukwa tinali ndi tenti, jenereta ndi chisipika chachikulu ngati firiji. Bambo ameneyo dzina sinditchula, ena muno mukumudziwa, wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, amene amatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero la mphindi 10. Katatu konse ndinamufunsa kuti pepala lili kuti. Kachitatuko anandiyankha pamaso pa anthu kuti, "Mayi, za maofesi tisiyireni ife, inu konzani nkhwani." Anthu n'kuseka. Ine n'kukhala chete ngati chitsiru, n'kukasinjadi nsinjiro.

Tinafika cha m'ma 9, kunja kuli mbee, kapinga wobiriwira, ana n'kumwazikira ku akatungwe. Kunena zoona mpaka masana kunali kokoma. Mbaula ziwiri za dramu lodula pakati, nkhuku, soseji ya wors, kachumbali, thobwa wa m'chigubu cha malita 20, nsima m'poto wa pa ukwati uja. Abambo anali atabisa mowa pansi pa zakumwa za ana m'mabokosi a ayisi, poganiza kuti ndi ochenjera okha. Wina atatopa kudikira mbaula anasonkha moto pansi, pa kapinga penipeni, ngati tili kudambo kwathu. Cha m'ma 11 msungichuma anati akukagula ayisi wina. Anapita ndi kachikwama kake kakuda kaja.

Itangokwana 1 koloko anatulukira alonda awiri a pakipo, kumbuyo kwawo galimoto ya apolisi a mzinda. Ndipo ndinene pano, anthuwo sanatukwane munthu, sanakankhe munthu. Analozera moto wa pansi uja, analozera botolo limene wina anaiwala kubisa, kenako anafunsa kuti mwini phwando ndani, chilolezo chili kuti. Tonse maso kufunafuna jekete. Kuyimba foni, yothima. Kuyimbanso, yothima. Ndiye mnyamata wina kumbuyo anangokuwa kuti "apolisi!" ndipo inu nonse muno mukudziwa zimene liwu limenelo limachita kwa munthu amene masiku ake mu pasipoti anatha kalekale. Anthu balala! Amuna akuluakulu a ndevu zawo liwiro la mtondo wadooka, wina analumpha mpanda n'kung'amba buluku, wina anagunda mbaula makala amoto n'kumwazikira pa zitenje, nyama yonse m'dothi. Ine ndinali pa poto wa nsima, mthiko m'manja. Nditatembenuka kuti ndigwire mwana, pa chitenje panali kapu yake yokha.

Mwana wa zaka 4. Anavala kamalaya kofiira ndi kabudula wa jinzi. Mphindi zisanu m'mbuyomo anali pomwepo akunyambita fupa la nkhuku.

Ndinathamangira ku akatungwe, kulibe. Ku zimbudzi, ndinalowa mpaka za amuna ndikukankha zitseko chimodzichimodzi, kulibe. Kenako miyendo inangonditengera yokha ku damu, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona patapata wake mmodzi, wa kumanzere, wabuluu, ali m'matope pafupi ndi bango. Abale anga. Madziwo obiriwira, osaoneka pansi, abakha akungoyandama phee ngati palibe kanthu. Ine wa ku Balaka, kusambira sindidziwa, koma ndinalowa mpaka m'chiuno ndikupalasa ndi mthiko uja, poti ndinali ndisanautaye, sindinadziwe n'komwe kuti ndaugwira. Nthawi yomweyo kumwamba kunada bii, mmene imachitira mvula ya kuno masana a December, bingu limodzi lokha kenako matalala. Ndimaitana dzina la mwana koma mawu anga ine ndemwe osawamva. M'mutu munabwera zinthu zopusa. Ndinayamba kuwerengera ndalama zotumizira maliro kumudzi. Ndinaganiza kuti mayi anga ndikawauza bwanji pa foni, poti anandichonderera kuti mwanayu ndimusiye kwa iwo ine n'kukana.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti galimoto ya apolisi ija ndimaiona apo, pafupi, koma ndinaima m'madzimo mwina mphindi ziwiri ndikuopa kupitako, chifukwa nanenso nthawi imeneyo mapepala anga sanali bwino. Mayi wobereka, kuyeza pasipoti ndi mwana pa sikelo. Sindinauzepo munthu zimenezi, lero ndi loyamba. Kenako china chake chinangoduka mumtima, ndinatuluka ndikuthamanga chitenje chikukwakwa matope, ndinakagwira wapolisi wamkazi pa mkono ndikulankhula Chichewa, Chizulu chothyokathyoka ndi Chingerezi pamodzi. Mayiyo sanandifunse kwathu. Anafunsa zaka za mwana ndi mtundu wa malaya basi, n'kulankhula pa wailesi yake ija. Tinazungulira naye damu lonse mvula ikutikwapula. Patatha mphindi pafupifupi 40 wailesiyo inalira, akuti ku kanyumba ka alonda ku geti ya mbali ina kuli kamnyamata ka nsapato imodzi. Anthu atayamba kuthawa, iye anatsatira belu la wogulitsa ayisikilimu, ndiye gogo wina amene anabwera ndi adzukulu ake anamuona ali yekha n'kumunyamula kupita naye kwa alonda. Ndinamupeza atakhala pa mpando wa mlonda, atafunditsidwa jekete ya yunifomu, kukamwa kuli psuu ndi ayisi wofiira amene gogoyo anamugulira. Kundiona anati, "Amama, nsapato yanga." Ndinagwa pansi pomwepo. Sindikunena kuti wapolisi aliyense adzakhala ngati mayi ameneyo, musandimve molakwa, ndikungonena zimene zinandichitikira ine.

Bambo a mwanayu anatulukira patatha ola, atanyowa chonchi, akuti amakafuna thandizo. Thandizo la ku Shoprite? Nkhani imeneyo tinakambirana kunyumba, si ya pano.

Koma msungichuma uja! Lamulungu lotsatira anabwera ku tchalitchi ndi jekete lomwe lija, Baibulo kukhwapa, akuti ndalama anatumiza pa foni koma netiweki inavuta. Lisiti? Foni inafufuta. Nanga ayisi uja? Akuti anakumana ndi m'bale wake wodwala. Ndipo anayamba ndi iye kukwiya, kuti ife amayi tamuchotsa ulemu. A komiti n'kumati tikhululuke, ndi mnzathu, tili kudziko la eni tisachititsane manyazi. Manyazi? Ine ndinalowa m'damu ndi mthiko pamaso pa anthu a mitundu yonse, manyazi amenewo sanawaone? Chindapusa cha moto wa pa kapinga tinasonkhanso ndife amayi amene tinatsala pamalopo, othawa aja sanaponyepo ngakhale R10. January asanathe tinaona zithunzi pa Facebook, nyumba yake kumudzi yafoleredwa malata atsopano, pansi pake walemba kuti Mulungu ndi wabwino. Nditalemba pa gulu kuti malata awiri a kutsogolowo ndi anga, mkazi wake anandibuloka. Mpaka lero bambo ameneyo akusungabe ndalama za gulu lina la maliro, ndipo ena mwa inu mukumutumizira mwezi ndi mwezi. Ndanena.

Tsono za malo. Ngati muli banja limodzi kapena awiri, opanda tenti ndi sipika, palibe chovuta, mumangopita. Zoo Lake, pa Jan Smuts moyang'anana ndi Zoo, kulowa ndi ulere, malo owotchera alipo, mabwato opalasa amabwereketsa, ndipo dziwe losambira lili pomwepo. Abwana amene ndinkagwirako ku Parkview anandiuza kuti malowo anaperekedwa ku mzinda mu 1904 pa pangano loti akhale a anthu a mitundu yonse, n'chifukwa chake ngakhale nthawi ya tsankho akuda ankapumako. Koma pa 24 September ndi pa 26 December kumadzaza moti mwana ukamusiya dzanja wapita, fikani m'ma 8. Emmarentia ndi yabwino kuyenda ndi kujambulitsa pa maluwa a rozi, kungoti agalu a azungu amakhala osamangidwa mbali ina, mwana wamantha samalani. A ku Soweto muli ndi Thokoza Park ku Rockville, musavutike ndi taxi ziwiri. Walter Sisulu ku Roodepoort amalipiritsa pa geti ndipo moto salola, mumanyamula chophikaphika, koma kuli mathithi ndi ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga zisa pa thanthwe, mwana wanga anakamba za mbalamezo mwezi wathunthu. Kumeneko ndiye ndinakhala mtima uli m'malo, chifukwa kulibe oledzera. Amene muli ndi ana osinkhuka omwe akungokhalira foni, Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa ku Delta Park kuli parkrun, yothamanga kapena kuyenda pagulu makilomita 5, yaulere, mumangolembetsa pa foni. Kuno ku South Africa inayambira pomwepo mu 2011 ndi Bruce Fordyce uja anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades ka 9. Ine ndimayenda chabe ndi agogo a kumbuyo, palibe amene amaseka.

Koma anthu 40 ndi nyimbo si pikiniki ayi, ndi phwando, ndipo limafuna chilolezo cha a Johannesburg City Parks. Musatume munthu mmodzi. Pitani awiri, mmodzi akhale mzimayi, pepalalo lijambulidwe liikidwe pa gulu aliyense alione, ndipo tsikulo likhale m'chikwama cha munthu amene sathawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, "ndalipira kale" si pepala. Mowa m'paki ndi woletsedwa, auzeni abambowo poyera, chifukwa botolo limodzi ndi limene limaitana galimoto ija, ndipo ikabwera ovutika ndi amene sanamwe. Moto pa mbaula kapena pa malo omangidwa, osati pansi. Idyani msanga, pofika 2 koloko mukhale mutapakula, poti kuyambira October mpaka March mvula ya kuno imakonda masana ndipo mphenzi zake si zamasewera, musabisale pansi pa mtengo. Dzuwa lisanalowe tulukani, a ku Kensington akukumbuka mmene achifwamba anaphera anthu ku Rhodes Park mu 2015.

Mtima wanga ukufuna ndikuuzeni kuti za magulu zisiyeni. Tengani ana anu, chitenje, mpunga ndi nkhuku m'kontena, mukakhale panokha mubwereko ndi mtendere. Ine chichokereni tsiku lija ndinalumbira kuti phwando la Amalawi m'paki sindidzapondako. Koma ndikaganizanso, nokhanokha ayi, mzimayi ndi ana pa malo a zii si bwino, ndipo ukafuna ku chimbudzi katundu akuyang'anira ndani? Mukhale ambiri ndithu, anthu 40 amenewo ali bwino, bola mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womudziwa, osati zoti "ana ali ndi anzawo uko". Pa mbaula pakhale ena, pa ana pakhale ena amene sagwira mthiko tsiku limenelo. Mulembeni mwana nambala yanu pa mkono ndi cholembera chosafufutika, mumuveke malaya owala, mumujambule m'mawa musananyamuke kuti mukhale ndi chithunzi cha zovala za tsikulo. Akasowa thamangirani kwa alonda kapena apolisi nthawi yomweyo, mapepala muziganiza mawa, ndipo wina apite kumadzi pomwe ena akuyang'ana kwina. Wanga uja chaka chino ndamulembetsa zosambira, ndalama yake ikundiwawa koma ndikulipira.

Ndatsala pang'ono kutsika, batire ili pa 6. Ngati mwatsimikiza za pa 24, ngakhale ndinalumbira, ndilembeni, ine ndi mwana mmodzi, bambo ake ayi. Ndibweretsa nkhwani wotendera ndi thobwa, ndipo ana ang'onoang'ono ndiyang'anira ndine. Ndalama yanga ndipereka ndikaona chithunzi cha pepala, ndipo mundiuziretu ku inbox kuti akusunga ndani.