Musadikire kuti ayankhe foni

Achemwali mwati kondomu yaphulika ndipo bamboyo sakuyankha foni. Kondomu ikaphulika nkhani yake ndi ya maola, zomadikira kuti bamboyo ayankhe foni akuuzeni status yake zisiyeni. Nyamukani pompano mukanene kuchipatala kuti mukufuna PEP, mankhwala oteteza kuti HIV isakhazikike mthupi ngati mwina mwakumana nayo, amafunika kuyamba asanathe maola 72 ndipo mukafulumira mpamene amagwira bwino, mumamwa masiku 28 osadumphitsa.

Ine zinandionekera ndi munthu yemwe ndinkati ndiye mwamuna wanga. Daily nyimbo yake inali "kodi sukundikhulupirira, makondomu ndi a mahule" mpaka tinayamba pleni. Tsiku lina m'mawa iye ali kubafa ndikusaka chaja mchikwama mwake ndinangopeza kabotolo atakakulunga mu sokosi, pepala atamatula koma zilembo zina zikuonekabe. Ndinazilemba pa Google manja akunjenjemera, kungoona kuti ndi ma ARV nkhongono zonse zii, ndinakhala pansi penipeni madzi akumveka kubafako iye akuimba mluzu ngati palibe kanthu. Atatuluka ndikumuonetsa mukudziwa anati chani? Akuti ukupisa bwanji mzikwama za eni. Mlandu nkusanduka wanga! Mpaka lero ndikamuona pa Facebook ali mu suti akuponya mavesi mtima umachita kuwira. Kachilombo sindikumunena nako ayi, aliyense kangamupeze, koma bodzalo, kundiyang'ana mmaso nkumalumbira kuti anayezetsa ali bhobho.

Kuchipatala anayamba andiyeza kaye, negative, nkundipatsa PEP. Nseru, mutu, tulo osabwera, kenako kudikira miyezi itatu kuti ndikayezetsenso, ndinaonda ndi maganizo okha. Anesi anandiuza kuti munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika mpaka viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) osaonekanso sapatsira mnzake pogonana, ndiye mwina kabotolo komweko nkomwe kanandipulumutsa. Koma ndikanadziwa bwanji kuti amamwa bwino munthu wobisa mu sokosi?

Ndiye ine ndimati mwamuna osamukhulupirira olo pang'ono, kondomu muzigula nokha ndipo osapaka Vaseline, mafuta amenewo ndi omwe amaiphulitsa. Komanso wanuyo musamuthamangitse kaye, mwina nayenso akungoopa, akayankha mumutenge mukayezetse limodzi, akapezeka nako si mathero a chibwenzi bola azimwa mankhwala. Mukamaliza PEP mufunse za PrEP, mankhwala odzitetezeratu ku HIV musanakumane nayo, pali ya mapilitsi a tsiku ndi tsiku komanso ya jakisoni, kungoti siiteteza ku chindoko, chizonono kapena mimba. Za mimbazo mukazinenenso lero lomwe, mapilitsi ake a emergency nawonso safuna kuchedwa.